Paketi ya Tishu pa Tebulo 32

Pamene Quek Bee Lian anadzutsa mutu pathabwa lodulira nkhuku, mpando wa amuna ake unalibe munthu.

Mpeni unaima m'malere. Anali masana, ndipo msika wa zakudya wa ku Toa Payoh unali utadzaza anthu a m'maofesi, aliyense thireyi m'manja, maso akusaka pokhala. Otolera mbale ankakankha tingolo tawo. Mayi wokalamba wa chikwama chofiira ankayenda tebulo ndi tebulo monga mwa masiku onse. Tebulo 32 lokha, loyang'anizana ndi okala ya Bee Lian, ndilo linali lopanda munthu. Pakati pake panali paketi ya tishu.

Mtima wake unatsikako. Paketi ya tishu patebulo ndi mawu okwanira: pano pali mwini, ndipo akubwera.

"Anti, mpunga wa nkhuku mbale ziwiri. Tsabola wambiri," anatero wogula wina.

Mpeni unayambanso ntchito.

Amuna akewo, a Teck Whye, anadula nkhuku pathabwa lomwelo zaka makumi atatu. Kenako anayamba kuiwala. Anaiwala mtengo wa mbale. Anaiwala dzina la mdzukulu. Chaka chatha anapezeka tsidya la msewu waukulu, ataima pamalo pamene kale panali sukulu ya pulayimale. Tsiku limenelo mwana wawo Jun Kiat, bambo wa zaka makumi anayi, sanapite m'mbali.

"Amayi, akangosowanso kamodzi, ndikawasiya kunyumba yosamalira okalamba."

Bee Lian anangoyamba kubwera nawo kumsika m'mawa uliwonse n'kuwakhazika pa 32, pamene diso lake limafika.

"Rahimah!" anaitana mnzake wa okala yoyandikana nayo, wogulitsa mpunga wa kokonati. "Wawaona bambo?"

"Ine maso ali pamafuta, achemwali. Koma si tishu iyo? Ali pamzere wa phala la nsomba basi. Zaka makumi atatu nkhuku yokhayokha, ngakhale ine ndikadakuzembani."

Zinali zomveka. Phala la nsomba linkagulitsidwa kumapeto kwa msika, kuseri kwa zipilala, ndipo mzere wake unkadya theka la ola. A Teck Whye sankachoka kunyumba opanda tishu m'thumba la malaya. Munthu amene wakumbukira kusiya tishu patebulo wakumbukiranso kuti abwerera. Bee Lian anagwira ganizo limenelo ndi manja awiri. Mwina lero mutu wawo wayera. Mwina mankhwala atsopano aja ayamba kugwira.

Mkulu wina wa tayi, thukuta lili kamukamu, anatsitsa thireyi yake pa 32.

"Achimwene, maso munasiya ku ofesi?" anakuwa Bee Lian. "Pali munthu pamenepo!"

Mkuluyo anaona paketiyo, napepesa, nanyamula chakudya chake.

Foni inalira m'thumba la epuloni. Anali Jun Kiat.

"Ababa ali bwanji?"

"Akudya."

"Ndiwalankhule?"

"Ndati akudya. Ndili ndi anthu pamzere."

Anadula foni. Nyama ya mbale yotsatira inatuluka yokhotakhota. Akanatha kutseka okala kwa kanthawi n'kukasuzumira kuseri kwa zipilala. Koma anthu khumi anali kumuyang'ana, ndipo kupita kukawafuna kukanakhala kuvomera kuti Jun Kiat ananena zoona. Paketi inali pomwepo, yoyera, yosatsegula. Nthawi iliyonse akaiyang'ana, inkamuuza kuti dikira.

Anadikira. Wani koloko inakwana. Theka linapitanso. Anthu a m'maofesi anayamba kubwerera, matebulo nayamba kuoneka, ndipo Rahimah anasiya nthabwala zake. Kuchokera kuseri kwa zipilala kunatulukira mwini wake wa phala, atanyamula mphika wopanda kanthu kupita nawo kumpopi.

Bee Lian anaika mpeni pansi. Anayamba kumasula epuloni, koma mfundo inakana.

Apo mayi wa chikwama chofiira uja anafika pa 32, akukoka mwendo. Anatola paketiyo, naipukuta pamalaya ake, naiponya m'chikwama momwe munali mapaketi ena ambirimbiri.

"Anti, siyani!" anakuwa Bee Lian. "Imeneyo ndi ya amuna anga!"

"Ya amuna anu? Ndi malonda anga awa, mwanawe. Ndinawaikira kutsogolo isanakwane leveni koloko, ndimati agula. Iwo anangoimirira n'kuti achedwa, akukatenga Jun Kiat kusukulu."