Dazi la Nkhanga

Padangokhala moto wolusa, umene udalowa m'nkhalango ya mbalame mwezi wa mphepo. Nkhanga zidathamangira kutsogolo kwake n'kupalasa udzu wonse kuti motowo usowe podutsa. Zisa zidapulumuka, koma nkhanga zambiri zidafera pomwepo, ndipo zotsala zidapsa nthenga zakumutu.

Tsiku lometa maliro, Pikoko adakhala pampando wakutsogolo nauza Nkhanga wamasiye kuti, "Mayi, pitani kumbuyoko. Dazi lanulo litichititsa manyazi kwa alendo."

"Chabwino, bambo," adayankha Nkhanga. "Kutsogolo kumakhala olira, ndipo olira amameta. Ife moto udatimeta kale. Nali lumo, weramani."

Pikoko adagwira nthenga zake zapamutu n'kuzemba. Nkhanga adakhala pampandopo, mutu uli chilili, ndipo mpaka lero saufunditsa.