Kiyi wa Mpanda wa Namakhwa

Nsalu itangochotsedwa, khamu la anthu a mu Zomba linaombera m'manja chiboliboli cha malemu Namakhwa, katswiri wa jazi, lipenga lili kukamwa. Selina, mkazi wa malemuyo, sanaombe nawo. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri akuchimuna ankangomuuza kuti adzamusudzula chibolibolicho chikadzatha. Stephano, telala wa ku Matawale amene anamudikira zaka zonsezo, anaima kumbuyo atavala jekete yatsopano.

"Alamu, si ichi chatha," Selina ananong'oneza mkulu wake wa malemuyo. "Mundimasula liti?"

"Iii, mlamu, dziko lonse likukudziwani kuti ndinu Mayi Namakhwa. Mukakwatiwa, nkhata aziika ndani chaka ndi chaka?"

Selina asanayankhe, wapampando wa komiti ya chikumbutso anamuitanira kutsogolo n'kumupatsa kiyi wa mpanda wa chibolibolicho kuti azisesamo m'mawa uliwonse. Amayi analuluta. Pomwe Selina ankacheuka, jekete ija inali ikulowera kudepoti.

Anayang'anitsitsa nkhope yasimentiyo. Ali moyo, bamboyu sankatha sabata ali pakhomo.

"Ndiye lero mwakhazikika, eti?" anatero Selina, kiyi uja atamufumbata.