Msonkho wa Miyendo

Padangokhala, inu muziti tili tonse, dziwe lina linayamba kununkha. Amene anaitanitsa msonkhano anali Mvuu, yemwe ankadzithandiza m'madzi momwemo n'kumamwaza ndowe ndi mchira.

"Abale anga, chimene chimavundula madzi ndi miyendo," anatero Mvuu. "Tikhazikitse msonkho woteteza chilengedwe. Mwendo uliwonse uzilipira njere imodzi ya mtedza pamwezi."

Njoka anavomereza msangamsanga.

Tsoka linagwera Bongololo, yemwe chibadwire anali asanapondemo m'dziwemo. Atamuwerenga, anamupeza ndi miyendo mazana anayi. Anakokolola nkhokwe yake, anagulitsa nsapato zake zonse, koma mtedza sunakwane. Anapita kwa Mvuu ali chosavala kuphazi.

"Pepani bwana, ine ndimamwa mame. Madzi anuwa ndawalakwira chiyani? Bwanji msonkhowu osauika pa mchira?"

Mvuu anamiza mchira wake mwakachetechete.

"Mchira suyenda, achimwene. Komabe dandaulo lanu talimva, ndipo lamulo tilikonza. Kuyambira lero miyendo inayi yoyambirira ndi yaulere kwa aliyense, popanda tsankho."

Njati, Ng'ona ndi Njovu anavina mpaka matope kuti thoo! Onse anayamikira Mvuu kuti ndi mtsogoleri womva za amphawi. Bongololo anawerenga yotsala: miyendo mazana atatu, makumi asanu ndi anayi, kudza isanu ndi umodzi.

Mpaka lero ukamukhudza Bongololo amadzipinda n'kubisa miyendo, kuyesa kuti wabwera wamsonkho. Nthano yathera pomwepa, koma dziwe lija likununkhabe.