Mchira wa Azakhali

Kwathu ku Sonora, kukada sititchula dzina la kasikabeli, njoka ija yoliza maseche kumchira. Timangoti Azakhali.

Tsiku lina ndinapha imodzi masana, n'kudula mchira wake, n'kuuponya m'kati mwa gitala yanga. Amati gitala yotero imafewetsa mtima wa mtsikana, ndipo ine ndinkafuna mtima wa Crisanta.

Kutangoda, ndinabereka gitalayo n'kulowa kanjira kothina ka pakati pa matanthwe kopita kwawo. Mchira uja unayamba kulira pamsana panga. Ndinaima, koma sunaleke. Njoka ina inayankha kutsogolo, inanso kumbuyo. Kothawira kunalibe.

Kumtunda kunaoneka nyali. Anali Crisanta, akuseka.

"Iwe Eusebio, waimiranji ngati chitsa? Ukuopa bambo anga?"

"Ndi kasikabeli," ndinatero. "Zandizungulira."

Pomwepo zonse zinangoti zii.

"Wazitchula dzina?" Crisanta anakweza nyali, maso ake ali kuseri kwa phewa langa. "Usatembenuke. Kumbuyo kwako kuli mayi wina, akupisa dzanja m'gitala yako."

Lamba wa gitala anayamba kundithina pakhosi.