Tizipinda ta Njuchi ndi Ulusi wa Kangaude

Padangokhala Njuchi ndi Kangaude, amisiri awiri osagonjerana. Tizilombo titafuna nkhokwe, Kangaude anadzitama: "Achimwene, pulani yanu ya tizipindayi ndi yachikale. Ine ndimangirira zonse pa ulusi umodzi, mawa muyambe kututiramo."

Njuchi anangoti, "Mangani tione," n'kupitiriza kuumba tizipinda take, kalikonse ndi makoma akeake.

Mwera utawomba, nthambi inagwa n'kugunda nkhokwe zonse ziwiri. Ulusi uja unaduka, za Kangaude zonse zinakhuthukira pansi. Kwa Njuchi kunaphwanyika tizipinda tam'mbali tokha.

Akumata phula pophwanyikapo, Njuchi anasuzumira pansi monyadira. "Achimwene, ine ndikungokonza pakona pano. Inu muyambira pati?"

Mpaka lero, kukangocha, Kangaude amayambiranso kuluka.