Ndemanga Yoyamba ya Saluni

"Achemwali, taonani, saluni yanu yatuluka pa intaneti!" anatero mng'ono wa mwini saluniyo, akumupatsa foni mkulu wakeyo.

Mayi wa saluniyo anasiya chipeso m'mutu mwa kasitomala. Pafonipo panali chithunzi cha chitseko chake chobiriwira, nambala yake, ndi mapu olondolera munthu mpaka pakhomo.

"Wakutuma ndani?"

"Si mumadandaula kuti makasitomala sakubwera? Ndinakulembetsani sabata yatha. Aliyense wofuna oluka tsitsi azikupezani."

"Aliyense?"

Mng'onoyo sanaganizeko zoti mkulu wakeyo anathawa kubanja miyezi isanu yapitayo, mwamuna atamuthyola nthiti ziwiri, ndipo mpaka lero bamboyo amafunsa kwa achibale komwe anapita.

"Fufuta pompano."

"Akuti kufufuta kumatenga masiku atatu, achemwali."

Mayiyo anamaliza kuluka. Kasitomala atangotuluka, anakhoma chitseko n'kuyamba kulongedza zowumitsira tsitsi m'katoni. Ali mkati molongedza, foni inalira. Unali uthenga woti saluni yalandira ndemanga yake yoyamba, ya nyenyezi zisanu. Wolembayo anali mwamuna wake.

"Malo abwino," analemba motero, "osavuta kupeza."