Ana Sanalowebe

Anali kusita malaya a mwamuna wake pakhonde pamene mawu a mwamunayo, ali pafoni, anatulukira pazenera la pabalaza.

"Ana sanalowebe? Onse awiri? Usadandaule, ndiona chochita."

Simbi inangoima pakolala. Ana ati? M'nyumba muno munalibe mwana, ndipo chilonda chimenechi achibale ankachigunda tsiku ndi tsiku. Komanso ankadziwa bwino amene anali mbali inayo ya foni. Anali Kamawu, mkazi wogwira ntchito limodzi ndi mwamunayo. Nkhope anali asanamuonepo, koma dzinalo anamupatsa yekha chifukwa cha kamawu kake kothira shuga. Akaimba Kamawu, bambo ankatsitsa mawu. Akaimba wina aliyense, ankakuwa ngati ali pamsika.

Nsanje inamugwira. Analowa pabalaza simbi ili m'manja, n'kufunsa kuti anawo ndi a yani, nanga akulowa kuti.

Mwamunayo anamuyang'ana kaye, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi. Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo mkazi wake ankangodziwa kuti amakhalira kugogoda mabatani. Tsikuli anamukokera mpando. Anamuonetsa fayilo ina yotchedwa XML, yochokera ku kampani yogulitsa mankhwala. M'fayilomo, anatero, zinthu zimalowetsana ngati mapoto: m'sitolo muli mashelefu, m'shelefu muli mankhwala. Chakunja amachitcha kholo, zam'kati amazitcha ana. Pulogalamu yake inkayenera kuwerenga fayiloyo n'kusandutsa chilichonse kukhala chinthu choti igwire nacho ntchito. Makolo ankalowa bwinobwino, koma pamene panayenera kukhala ana pankatuluka mbee, popanda kanthu.

Anadina batani. Pagalasi panatuluka mawu ofiira.

"Waona? Mashelefu ndi mankhwala, ana awiri amenewo. Fayilo yawakulunga m'thumba lawolawo, pamene pulogalamu ikuwafuna poyera."

Za thumbazo sanazimvetse, koma zofiirazo anaziona ndi maso ake. Manyazi anamugwira mpaka anasowa poika simbi. Mayi wamkulu kuchitira nsanje mashelefu! Akanamva azilamu ake akanamuseka mpaka chaka kutha. Anapepesa, ndipo mwamunayo anamusisita paphewa n'kumuuza kuti nsanje ndi ndiwo ya chikondi, bola osathira yambiri.

Kuyambira pamenepo anasintha. Kamawu akaimba, ankanyamula yekha foni kukapereka. Koma nsanje sifa, imangosintha malo ogona. Tsopano chinkamuwawa n'choti mkazi wina ankamva chinenero cha mwamuna wake, iye mwini nyumba ali ngati mlendo. Ndiye anayamba kufunsa. Anaphunzira kuti dzina la m'fayilo likasiyana ndi la m'pulogalamu ngakhale ndi chilembo chimodzi chachikulu, mwana salowa. Anaphunzira kuti nthawi zina pulogalamu sidandaula n'komwe, imangotenga mwana woyamba n'kusiya enawo panja. Akamadya ankafunsa ngati ana alowa, mwamuna n'kuyankha kuti pang'onopang'ono. Mumtima ankati: Kamawu iwe, usaone ngati mutu uli ndi iwe wekha.

Loweruka lina masana, mwamuna atapita kokameta, kunamveka odi pakhomo. Mawuwo anawazindikira asanatsegule.

Ha, Kamawu n'kukhala ameneyu? Iye ankayembekezera chiphadzuwa cha milomo yofiira ndi zikhadabo zopenta. Pakhomo panaima mayi wamfupi, wooneka wotopa, nsapato zitatha mbali imodzi, chikwama chitasokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu. Mlendoyo anapepesa chifukwa chobwera osauza. Anati foni ya abwana inali yozima kuyambira m'mawa, pamene nkhani yake inali yachangu.

Mtima wa mwini nyumba unangoti zii. Ameneyu ndiye ankamusowetsa tulo? Anachita kumumvera chisoni. Anamukhazika pampando wabwino, n'kumuthirira tiyi m'kapu ya alendo. Anakambirana za kutentha, za fumbi la mumsewu, za kuzimazima kwa magetsi. Mlendoyo ankayankha mwaulemu, maso ali pansi, akutembenuza kapu m'manja.

Apa mpamene mwini nyumba anafuna kuonetsa kuti nayenso si mbuli. Za makolo ndi ana, za thumba, za chilembo chachikulu, zonse anali nazo kumutu, ndipo ankafuna Kamawu adziwe kuti m'nyumba muno bambo sabisa kanthu. Anawongola khosi, n'kumwetulira.

"Nanga ana aja analowa? Musadabwe, bambo anandifotokozera zonse. Onse awiri ndikuwadziwa."

Kamawu anaika kapu patebulo pang'onopang'ono. Anamuyang'ana m'maso koyamba, misozi ili lengelenge, n'kupuma ngati munthu amene watula katundu wolemera.

"Anakuuzani? Mulungu akudalitseni mayi, ine ndimaopa kuti mundithamangitsa. Wamkulu amulandira. Koma wamng'onoyo, akusukulu akuti mpaka bambo ake apite okha akaonekere, ndiye n'chimene ndadzera."